Foni ili m'manja mwanu, koma kiyi akusunga ndani?

 

Lero tikambirana za kanthu kamene ambiri muli nako m'thumba. Ena mukutimvera pa kanthu komweko. Ndikunena foni. Funso langa ndi limodzi lokha. Foniyo munagula ndi ndalama zanu, palibe akutsutsa. Koma amene amalamula zimene foniyo ichite ndi zimene isachite ndi ndani? Ndinu, kapena amene anaipanga? Kiyi akusunga ndani? Lisungeni funso limeneli, chifukwa tizibwererako.

Tiyambe ndi mbiri. Tibwerere ku mwezi wa Januwale, chaka cha 2007. M'sabata imodzi, ku America kunaonetsedwa zipangizo ziwiri zatsopano. Chimodzi munachimva ndithu. Chinacho ambiri simunachimvepo.

Chimene munachimva ndi iPhone. Anaionetsa ndi Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple, mumzinda wa San Francisco. Chinacho chinaonetsedwa ku Las Vegas, ndipo dzina lake linali Nokia N800. Inde, Nokia yomwe ija ya ku Finland, imene inatipangira timafoni tolimba ta tochi tija. Koma N800 sinali foni. Eni ake ankaitcha tabuleti ya intaneti. Inkakwana m'thumba la jekete. Inali ndi galasi lalikulu ndithu pa nthawiyo, ndi kamtengo kogusira pagalasipo. Malo a simu khadi inalibe. Intaneti inkaipeza pa WiFi, kapena kubwereka ku foni ina kudzera pa Bluetooth. Mkulu wake, Nokia 770, anali atatuluka kale mu 2005.

Tiyeni tiziyang'ane ziwirizi bwinobwino, kuyambira ndi ya Nokia.

N800 inali ndi chivundikiro chotseguka ndi chala. Batire likafooka, mumagula lina n'kuikamo nokha. Malo oikamo memori khadi anali awiri. Koma chachikulu chinali chosaoneka ndi maso. Tabuletiyi inkayendera Linux. Linux ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene anaiyamba mnyamata wa ku Finland komweko, Linus Torvalds, mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki. Lamulo la Linux ndi lakuti aliyense ali ndi ufulu woona mmene inalembedwera, kuisintha, ndi kugawira anzake. Nokia inatenga Linux, n'kuikonza kuti ikwane pa kachipangizo ka m'manja, n'kuipatsa dzina lakuti Maemo.

Zimenezi zinkatanthauza chiyani kwa mwini tabuleti? Zinkatanthauza kuti munthu wodziwa kulemba mapulogalamu ankatha kulemba yake, n'kuiika pa tabuleti yake, osapempha chilolezo ku Nokia. Ankathanso kuipereka kwa anzake kwaulere. Ndipo anthu analembadi. Wina analemba ya mapu osonyeza njira. Ena anabweretsa yowerengera mabuku. Ena yoonera mafilimu. Anali anthu a m'maiko osiyanasiyana, ambiri osaonanapo maso, koma akusenza denga limodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Inu okonda wailesi, imvani iyi. M'kati mwa N800 munali kachipangizo kogwira wailesi ya FM, kamene Nokia sinakatchule poyamba kugulitsa tabuletiyo. Anthu okonda kufufuza anakatulukira. Posakhalitsa panapezeka kapulogalamu kokadzutsa, ndipo tabuleti ija inayamba kulira wailesi. Chinthu chotseguka chimatero. Mwini wake amatha kusuzumiramo, n'kupeza zimene sanauzidwe.

Tsopano tiyang'ane iPhone yoyamba ija. Batire lake linali lotsekeredwa m'kati. Malo a memori khadi panalibe. Ku America inkagulitsidwa kuti igwire pa netiweki ya kampani imodzi yokha, AT&T. Mukaikamo simu khadi ya kampani ina, inkakana. Ndipo chaka chonse choyamba, munthu wakunja kwa Apple sankaloledwa kuikamo pulogalamu yake. Sitolo ya mapulogalamu, App Store, inadzatsegulidwa mu 2008. Koma khomo linali limodzi, ndipo mlonda wa pakhomopo anali Apple. Pulogalamu imene Apple yaikana, sinkalowa. Pulogalamu ikagulitsidwa, pa ndalama 100 zilizonse Apple inkatengapo 30.

Inu amene munakhalapo nyumba ya lendi, nkhaniyi muimva msanga. Nyumba ikhoza kukhala yokongola, ya matailosi, madzi ndi magetsi zili momwemo. Koma kukhoma msomali pakhoma, mpaka mufunse eni ake. Kuweta nkhuku kuseri, eni ake akana. Kusintha loko, ayi. Tsiku lina angokuuzani kuti zinthu zasintha, ndipo inu mulibe chonena. iPhone inali nyumba yotero. Chodabwitsa n'chakuti nyumba imeneyi munalipira mtengo wogulira, koma mukukhalamo ngati walendi. N800 inali nyumba yanuyanu, koma yosamaliza. Mazenera ena analibe magalasi. Pansi panali posaika simenti. Mukafuna kugumula khoma n'kuwonjezera chipinda, palibe wokuletsani. Koma denga likadontha, wokwera pamwamba ndinu nomwe.

Kodi anthu anangovomereza kutsekeredwa? Ayi. Patangopita miyezi iwiri iPhone itayamba kugulitsidwa, mnyamata wa zaka 17 wa ku New Jersey, George Hotz, anaitsegula kuti izilandira simu khadi ya kampani ina. Ena anapeza njira zoikiramo mapulogalamu osadzera ku Apple. Kampaniyo inachenjeza, kenako inatulutsa pulogalamu yatsopano, ndipo mafoni ena amene anatsegulidwa aja anasiya kugwira ntchito. Taganizani. Munthu wagula chinthu ndi ndalama zake, koma kuti achigwiritse ntchito mmene akufunira, ayenera kuthyola loko. Mpaka mu 2010 m'pamene akuluakulu oona za malamulo a umwini wa zolembedwa ku America ananena kuti kutsegula foni yako kuti uikemo mapulogalamu otere si mlandu.

Tsopano tifike pa mbali imene ife okonda zinthu zotseguka sitiikonda. Pa mpikisano umenewu inapambana ndi iPhone. N800 inagonja, ndipo inagonja pa zifukwa zomveka.

Chifukwa choyamba ndi simu khadi ija. Ndani amafuna kunyamula zipangizo ziwiri, china choimbira, china cha intaneti? Tabuleti yodalira WiFi inkakomera munthu wokhala kumene WiFi ili kunyumba, ku ofesi ndi kumalo omwera khofi. Kuno kwathu ikanagwira ntchito yanji? Ngakhale lero, ambiri intaneti timaipeza pa simu khadi, pogula bandulo. Ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zimayenda ndi nambala ya foni. Chipangizo chopanda simu khadi, kaya chitseguke bwanji, sichingatumizire mayi anu ndalama kumudzi.

Chifukwa chachiwiri ndi kuphweka. iPhone inkamva chala. Mukakhudza, yayankha. Mwana wamng'ono ankatha kuigwiritsa ntchito osaphunzitsidwa. N800 inkafuna kamtengo kaja, ndiponso inkafuna kuleza mtima. Mapulogalamu olembedwa ndi anthu odzipereka ena anali abwino kwambiri, ena ankangoima pakati. Zikavuta, munkayenera kufunsa anzanu pa intaneti, n'kulemba malamulo a kompyuta amene munthu wamba sawadziwa. Walira mvula walira matope. Ufulu unabwera ndi ntchito yake. Koma agogo anu safuna kuphunzira Linux. Akufuna kuona chithunzi cha mdzukulu ndi kumva mawu ake. Pamenepo Apple inawamvetsa anthu kuposa Nokia, ndipo tisakane.

Tisakanenso kuti mlonda wa pakhomo ali ndi phindu lake. Pulogalamu iliyonse ikamayamba yaunikidwa, zimavutirapo kuti wakuba alowetse pulogalamu yobera anthu mapasiwedi ndi ndalama. Sikuti zoipa sizidutsa konse, koma mpata umachepa.

Chinanso, Nokia nayo sinatsegule zonse. Zigawo zina za Maemo, monga zoyang'anira batire, zinali zobisika. Ndipo N800 itatuluka, amene anagula 770 sanapatsidwe pulogalamu yatsopano yovomerezeka. Anangopatsidwa yoyesera, yakuti zikavuta adzionere okha. Ambiri anadandaula.

Koma chimene chinapha Maemo kwenikweni chinali m'nyumba mwa Nokia momwe. Kampaniyi inkapanga ndalama zambiri ndi mafoni oyendera pulogalamu ina, Symbian. Maemo inali ngati ntchito yapambali. Simu khadi inadzalowa m'banja limeneli mu 2009, pa foni yotchedwa N900. Apo n'kuti iPhone itapita kale patali, ndipo mafoni a Android atayamba kufalikira. Chaka chotsatira Nokia inaphatikiza Maemo ndi pulogalamu ya kampani ya Intel, n'kutcha MeeGo. Asanafike nayo patali, mu 2011, mkulu watsopano wa Nokia, Stephen Elop, analengeza kuti kampaniyo itsatira Windows Phone ya Microsoft. Foni yokongola ya N9, yoyendera MeeGo ija, inatuluka chaka chomwecho, eni ake atanena kale kuti njira imeneyo aisiya. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo Nokia inali ndi oposa awiri. Pofika 2014, gawo lake lopanga mafoni linali litagulidwa ndi Microsoft.

Ndiye nkhani yathera pomwepo? Chotseka chapambana, chotseguka chagonja, basi? Ine ndikuti ayi. Ndipo apa m'pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri.

Foni yotseka imakoma ikadali yatsopano. Mtengo wa kutsekako umaoneka foni ikakalamba. Ndibwereze. Mtengo wa kutseka suoneka tsiku logula. Umaoneka patapita zaka, batire litafooka, galasi litasweka, foni itafika m'manja mwa mwini wachiwiri kapena wachitatu. Ndipo mwini wachiwiri ndi wachitatuyo kawirikawiri ndi ndani? Ndi ife. Mafoni ambiri odula amene timawaona m'matauni mwathu anayamba agwira ntchito kwina. Ena anatumiza ndi achibale a ku South Africa kapena ku Britain. Ena anabwera ndi amalonda.

Tengani chitsanzo ichi. Mu 2013, Apple inaika loko womangirira foni ku akaunti ya mwini wake. Cholinga chinali chabwino, kuti wakuba akaba foni asapindule nayo. Koma taganizani za munthu amene wagula iPhone mwachilungamo, mwini wake woyamba ataiwala kuchotsa akaunti yake. Kapena taganizani za foni ya malemu, pasiwedi itapita ndi mwini wake. Foni ili bwinobwino. Galasi lilibe mng'alu. Koma ikuyaka n'kumangofunsa dzina ndi pasiwedi ya munthu amene simungamupeze. Mupite nayo kwa anyamata okonza mafoni ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Chipata. Anyamata amenewa ndi aluso. Amasintha magalasi, amawotcherera timawaya tosaoneka bwino ndi maso, amaflasha mafoni. Koma pa loko ameneyu ambiri amangokuuzani kuti foniyo igulitsidwe ngati zipangizo zokonzera zina. Kiyi ali kutsidya kwa nyanja.

Chitsanzo china ndi batire. Kumapeto kwa 2017, Apple inavomera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni ena akale amene mabatire awo anali atafooka. Inati inkatero kuti mafoniwo asamangozima mwadzidzidzi. Chifukwacho n'chomveka. Koma eni mafoni sanauzidwe. Ambiri anaganiza kuti foni yatha, pamene chofunika chinali batire latsopano basi. Boma la France linalipiritsa kampaniyo chindapusa pa nkhani yosauza anthuyi. Pa N800 ija, munthu akanangotsegula chivundikiro ndi chala. Masiku ano, pa ma iPhone ena, wokonza akaikamo batire kapena galasi losachokera ku Apple, foni imalemba chenjezo lakuti chipangizocho sichikudziwika. Kasitomala akaona chenjezolo amayamba kukayikira wokonza, ngakhale ntchito itagwiridwa bwino.

Nkhani ya kiyi simathera pa batire ndi galasi. Khomo likakhala limodzi, wofuna kutsekera anthu amangofunika kulankhula ndi mlonda mmodzi. Mu 2017, boma la China litalamula, Apple inachotsa m'sitolo yake ya m'dzikomo mapulogalamu ambiri othandiza anthu kufika pa masamba a intaneti amene boma linatseka. Mwini iPhone wa kumeneko analibe khomo lina loti apezere mapulogalamuwo. Si nkhani ya Apple yokha. Mu 2019, boma la America litaika ziletso pa kampani ya Huawei, mafoni atsopano a kampaniyo anayamba kutuluka opanda mapulogalamu a Google. Wogula wa ku Zomba kapena ku Tete analibe mbali pa mkangano umenewo, koma unamukhudza.

Mwina wina akuti, ine ndilibe iPhone, yanga ndi Tecno, yanga ndi itel, yanga ndi Samsung. Nkhaniyi ikundikhudza bwanji? Tiyeni tikambe za inu tsopano.

Mafoni amenewa amayendera Android ya Google, imene foni yake yoyamba inatuluka mu 2008. Pansi pa Android pali Linux yomwe ija. Tinganene kuti maganizo a N800 sanafe onse. Ena analowa m'foni yanuyo. N'chifukwa chake makampani ambiri amatha kutenga Android n'kupanga mafoni otsika mtengo. N'chifukwa chakenso mnzanu amatha kukutumizirani pulogalamu kuchoka pa foni yake kubwera pa yanu, pa Xender kapena pa Bluetooth, osawononga bandulo. Kanthu kameneka timakaona ngati kachabe. Koma ndi ufulu weniweni, ndipo kwa munthu amene ndalama ya bandulo imamuvuta ndi ufulu waukulu. Mafoni ambiri otere ali ndi malo a memori khadi, ndiponso malo a simu khadi ziwiri.

Koma musaganize kuti kiyi yense muli naye. Mapulogalamu a Google amene ali m'foni yanuyo ndi otseka. Pali mapulogalamu ena amene munawapeza momwemo, simuwafuna, akudya malo, koma kuchotsa sachotseka. Kampani ikasiya kutumiza zokonza za chitetezo, foni imatsala yokha, ndipo pa mafoni ambiri simungaikemo pulogalamu ina yoyendetsa foniyo kuti ipitirize moyo. Tsiku lina WhatsApp imangolengeza kuti mafoni akale kwambiri sidzagwiranso nawo ntchito. Ndipo inu amene munatenga foni ya ngongole mukudziwa bwino. Mukachedwa kulipira, foni imadzitseka ili m'thumba mwanu. Pa ngongole zimenezi n'zomveka, pakuti munagwirizana. Koma zikutionetsa poyera kuti foni yamakono ikhoza kulamulidwa ndi munthu amene ali kutali.

Ndiye ine ndaima pati? Sindikunena kuti aliyense akhale katswiri wa kompyuta. Sindikunenanso kuti loko ndi woipa. Loko woteteza ndalama zanu ndi zithunzi zanu ndi wofunika. Chimene ndikukana ndi loko wotsekera mwini kunja kwa chinthu chake. Foni ikhoza kukhala yophweka kwa agogo, koma n'kukhalabe ndi khomo loti wodziwa alowe, akonze, asinthe batire, aikemo pulogalamu ina kampani ikatopa nayo. Inu simudzalowa pakhomo limenelo mwina moyo wanu wonse. Koma mnyamata wokonza mafoni pamsika adzalowa m'malo mwanu, ndipo foni yanu idzakhala zaka zina ziwiri kapena zitatu. Kutseguka sikupindulira akatswiri okha. Kumapindulira aliyense amene alibe ndalama yogulira foni yatsopano chaka ndi chaka.

Umboni ulipo. Nokia inaisiya N900 kalekale, koma mpaka lero pali anthu odzipereka amene akuilembera pulogalamu yatsopano, yotchedwa Maemo Leste. Ena mwa amene ankagwira ntchito ku Nokia anayambitsa kampani yawo, Jolla, n'kupitiriza ntchitoyo pa dzina la Sailfish. Ku Netherlands kuli kampani ya Fairphone, imene imapanga foni yoti mwini wake amasule ndi sikuludiraiva n'kusintha batire, galasi kapena kamera. Amenewa ndi ochepa, ndipo mafoni awo simungawapeze wamba m'misika yathu. Koma akuonetsa kuti n'zotheka.

Maboma enanso ayamba kulowererapo. Bungwe la maiko a ku Ulaya, European Union, linalamula kuti mafoni azikhala ndi polowetsera tchaja pofanana, ndipo kuyambira 2023 iPhone nayo inayamba kutuluka ndi polowetsera pa USB-C, pamene mafoni ena ambiri anali napo kale. Mu 2024, lamulo lina la bungwe lomwelo linakakamiza Apple kulola masitolo ena a mapulogalamu, ngakhale kuti pa nthawiyo zinali m'maiko a bungwelo mokha. Ndipo kuyambira 2025, mafoni atsopano ogulitsidwa kumeneko ayenera kukhala ndi zipangizo zosinthira zopezeka kwa zaka 7 mtundu wa foniyo utasiya kugulitsidwa. Malamulo amenewa sanalembedwere ife. Koma ena mwa mafoni amenewo ndi omwe adzafike kuno pakapita zaka, ali m'manja mwa achibale ndi amalonda.

Pakali pano, pali zimene mungachite nokha pogula. Mukamagula iPhone yogwiritsidwapo kale ntchito, musapereke ndalama wogulitsa asanachotse akaunti yake inu mukuona. Afufute zonse, foni iyakenso, muikemo simu khadi yanu, muimbe. Akakana kapena akayamba kuzengereza, isiyeni. Mukamagula foni ina iliyonse, yatsopano kapena yakale, yambani mwadutsa kwa wokonza mafoni amene mumamukhulupirira. Mufunseni ngati batire ndi galasi la mtundu umenewo zimapezeka, ndipo pa mtengo wanji. Iyeyo amaona mafoni akakalamba, pamene wogulitsa amangowaona ali m'katoni.